Matabwa a mlombwa kumbuyo kwa Chevrolet 3100: mvula ndi dzuwa zawachita chiyani

Chevrolet 3100 ya 1953 inkatuluka kufakitale ndi matabwa a paini kumbuyo, opakidwa penti basi, chifukwa inali galimoto yonyamula katundu. Masiku ano ambiri okonza magalimoto akalewa ku America amaika matabwa a mtengo wa oak nʼkumuwalitsa ngati tebulo la pabalaza. Yanga, kuno ku Johannesburg, ndinaikamo mlombwa, umene ogulitsa matabwa kuno amati kiaat. Yadutsa dzinja lonse ndi nyengo yozizira ikugona panja masiku ambiri, ndiye tsopano ndinganene zomwe ndaona.

Mtengowo ulibe mlandu. Mlombwa sufufuma kapena kufota kwambiri nyengo ikasintha, ndipo kuno zimenezi nʼzofunika: Disembala mvula yamabingu ndi matalala, Julayi mpweya wouma wongʼamba milomo. Palibe thabwa lomwe lapindika kapena kungʼaluka. Kamangidwe ka Chevrolet nakonso kamathandiza. Matabwa, okhuthala mamilimita 19, sakhomedwa molimba lililonse palokha. Mʼmbali mwake mumasemedwa timizere, zitsulo zazitali zimakhala mʼtimizeremo nʼkupanikiza matabwa awiri oyandikana, ndipo mabawuti amadutsa mʼmpata wa pakati pa matabwawo mpaka kuzitsulo zopingasa za pansi. Thabwa likamwa chinyezi limapeza poyendera. Kalipentala amene anandisemera ankafuna kuti zigwirane ndendende ngati chitseko cha kabati, ndinamukaniza. Mʼdzinja mipata ija inachepa, pofika Ogasiti inatsegukanso.

Vuto ndi vanishi. Ndinapaka ya maboti, yonyezimira, mbali zonse za thabwa kuphatikizapo pansi ndi kumapeto, ndikupala pangʼono ndi sandipepa ndisanapakenso. Miyezi yoyamba anthu ankaima pamalo omwetsera mafuta nʼkumasuzumira. Koma Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, dzuwa lake silichita nthabwala. Kumapeto kwa matabwa, cha ku chitseko chakumbuyo, vanishi yayamba kutuwa ndi kusupuka. Mukayandikira mumaona kamzere koyera kotsata mʼmphepete mwa chitsulo: pamenepo chitsulo chinadula vanishi pomanga mabawuti, madzi analowa pansi pake, ndipo satulukamo msanga. Vanishi ikabooka pamodzi simungapake pomwepo pokha nʼkuoneka bwino. Pamafunika kumasula zitsulo, kupala thabwa lonse, kuyambiranso. Amene amapaka mafuta a matabwa amapaka kawirikawiri, inde, koma ndi kansanza chabe Loweruka masana, osamasula bawuti ndi limodzi lomwe. Kwa galimoto yogona panja, ine pano ndili mbali yawo.

Mtundu wa matabwa wasinthanso. Pomwe pamawomba dzuwa pasiyana ndi pansi pa bokosi la zipangizo, moti ndikalichotsa pamatsala chithunzi chake.

Zitsulo ndi mabawuti ndinagula za stainless, zosachita dzimbiri zija, ndipo ndalama imeneyo sindidandaula nayo: dzimbiri palibe, madontho akuda mozungulira mabawuti palibe. Oika oak ndiwo ayenera kusamala kwambiri apa, popeza mtengo umenewo ukakumana ndi chitsulo wamba ndi madzi umada. Mabawuti ena anakhwepa matabwa atauma, galimoto nʼkumalira gwedegwede pamabampu. Kulowa pansi ndi sipanala kunathetsa nkhaniyo.

Za katundu, tinene zoona, simungaponyemo njerwa. Mlombwa si wolimba kwambiri pamwamba. Mwendo wa firiji unasiya kadzenje ngakhale zitsulo zimatukuka pangʼono pamwamba pa matabwa. Tsopano ndimayala mphira wokhuthala ndikanyamula zolemera, nʼkuuchotsa ndikafika, chifukwa ukakhalitsa umasunga madzi pansi pake.

Mlombwanso kuyambira 2023 uli pa mndandanda wachiwiri wa CITES, pangano la mayiko loyangʼanira malonda a nyama ndi zomera zomwe zingathe kutha, choncho kuwoloka nawo malire kumafuna zikalata. Wofuna kutengera matabwa kumudzi afunse kaye za mapepala asanalipire wocheka.