Kugwetsa mitengo ndi macheka a injini ku Britain: NPTC kapena Lantra?

Ku Britain, amene akufuna ntchito yogwetsa mitengo amayamba ndi satifiketi imene ambiri amaitchulabe ndi dzina lake lakale la CS30, yosamalira macheka ndi kudula zipika, kenako ina yodziwika kuti CS31, yogwetsa mitengo yosapitirira mamilimita 380 kunenepa kwake. Njira zodziwika zopezera masatifiketi oterewa zilipo ziwiri: kudzera ku bungwe la NPTC kapena la Lantra.

Ku City & Guilds NPTC, wokuphunzitsani si amene amakuyesani. Kumabwera munthu wina wosakudziwani, n'kuima pambali akuyang'ana mmene mukunolera tcheni ndi tupa, ngati mwayesa buleki ya tcheni, ngati mwalambula njira yothawira, komanso ngati mwasiya kachigawo kosadula pakati kuti kawongolere mtengo pogwa. Amafunsanso mafunso apakamwa. Mtima umagunda ndithu.

Lantra ili ndi makosi amene mphunzitsi amakuyesani maphunziro ali mkati. Mantha amachepa, ndipo kwa mlimi wongodula mitengo pafamu yake n'zokwanira.

Koma ngati cholinga ndi kulembedwa ntchito, ine ndingasankhe mayeso oyesedwa ndi munthu wina amene si mphunzitsi wanu, chifukwa mabwana ambiri a m'nkhalango amafuna satifiketi yotero. Lantra nayonso ili nawo mayeso oterewa, choncho funsitsani musanalipire kuti kosiyo ndi ya mtundu uti.