Mmene ofufuza za likodzo anapemphera chilolezo kwa azakhali anga ku Nkhotakota

Mwezi watha ndinaperekeza azakhali anga, omwe sadziwa kulemba ndi kuwerenga, kuchipatala china chaching'ono chakufupi ndi dziwe la Chia, kumene gulu la ofufuza linkalemba anthu ofuna kulowa m'kafukufuku wa matenda a likodzo. Ndinapita ngati mboni, popeza munthu wosadziwa kuwerenga akamadinda chala pa fomu ya chilolezo, pamafunika wina yemwe si wa m'gulu la ofufuzawo kuti aone ngati zonse zafotokozedwa moona.

Namwino amene anatilandira anagwira ntchito yotamandika. Sanayambe ndi pepala ayi, koma anakhala pansi nafotokoza m'Chichewa cha tsiku ndi tsiku kuti tizilombo ta likodzo timachokera m'nkhono za m'madzi ndipo timalowa pakhungu munthu akamachapa kapena kusamba m'nyanja. Atanena kuti adzatenga mkodzo ndi magazi, anatulutsa kabotolo kenikeniko kuti azakhali aone kuchepa kwake. Aliyense wokumbukira mphekesera za anamapopa zomwe zinaphetsa anthu m'chigawo chakummwera mu 2017 amvetsa chifukwa chake ndikuyamikira kachinthu kooneka kakang'ono chotere.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri chinachitika atamaliza kufotokoza. Iye anati, "Mayi, tandiuzani m'mawu anuanu zimene mwamva." Azakhali anayankha kuti amva zoti akakana sapatsidwa mankhwala. Namwinoyo sanawadzudzule, anangobwereza modekha kuti mankhwala a praziquantel amaperekedwa kwa wodwala aliyense, wolowa m'kafukufuku ndi wokana yemwe, ndiponso kuti ali ndi ufulu wotuluka tsiku lililonse popanda kupereka chifukwa. Pakanapanda funso limeneli, chala chikanadindidwa chifukwa cha mantha, ine mboni ndili pompo osazindikira. Gawo 19 la malamulo aakulu a dziko lino a 1994 limaletsa kuchita kafukufuku wa zachipatala pa munthu popanda chilolezo chake, ndipo kwa ine chilolezo choperekedwa poopa kumanidwa mankhwala sichikwaniritsa lamulo limenelo.

Pepala lenilenilo ndilo linandikhumudwitsa. Linali la masamba 6 a zilembo zing'onozing'ono, m'Chichewa chouma chooneka kuti chinachita kumasuliridwa liwu ndi liwu, moti ngakhale ine ndinawerenga ndime zina kawiri. Nambala ya foni ya komiti ya National Health Sciences Research Committee, kumene munthu angakadandaule akalakwiridwa, inali pansi penipeni pa tsamba lomaliza, ndipo palibe anaitchula mpaka nditafunsa.

Malo ofunsirana nawonso sanali oyenera. Tinakhala pakhonde, anthu ena ali pamzere pafupi, pamene mafunso ake anali okhudza kukodza magazi ndi zowawa za kumalo obisika, nkhani zimene mayi wachikulire sangazikambe momasuka mkamwini wake ali chapafupi. Ndinamvanso kuti pamsonkhano wa kwa amfumu, nkhani ya ndalama yobwezera mayendedwe ndiyo inatchulidwa poyamba cholinga cha kafukufuku chisanafotokozedwe. Kwa anthu odalira usodzi ndi ulimi wa mpunga ndi chinangwa, makamaka nyengo ino ndalama zikusowa, dongosolo lotere limakankhira munthu kuvomera asanamve.

Ndikanakonda ofufuzawa atafupikitsa fomu, kuikamo zithunzi, kuiyesa kaye pa anthu a m'midzi yomweyi, ndi kupempha chipinda chokhala ndi chitseko. Komabe, ndingauze wachibale wina aliyense kuti apite akawamvere, chifukwa anatilola kutenga pepala kunyumba osadinda. Usiku womwewo ndinawawerengera azakhali lonse, ndipo m'mawa mwake anabwerera ndi funso lawo, lofuna kudziwa kumene magazi otsala adzapite kafukufuku akadzatha. Atayankhidwa ndi kusonyezedwa ndime yake, ndi pamene anapereka chala chawo kuti chipakidwe inki.