Kusunga kope la maimelo: Thunderbird, Takeout kapena pa seva?

Ambiri amene timalandira maimelo ochuluka timadalira malamulo osefera: za kubanki zipite mufoda iyi, zotsatsa malonda zifufutidwe. Koma lamulo limodzi likalembedwa molakwika, limameza kalata yofunika inu osadziwa. Ku Gmail, zomwe zili mu Trash kapena mu Spam zimafufutika zokha pakapita masiku 30. Choncho poyerekeza njira zosungira kope la maimelo ine ndimayang'ana chinthu chimodzi: kodi kope likutengedwa sefa isanakhudze kalatayo, kapena itaikhudza kale?

Anthu ambiri amathamangira Thunderbird, pulogalamu yowerengera maimelo pa kompyuta, poganiza kuti maimelo akafika pa kompyuta ndiye kuti asungika. Ngati mwalumikiza kudzera pa IMAP, njira yowerengera maimelo ali pa seva (kompyuta ya kampani imene imakusungirani maimelo), zimenezo si zoona. IMAP ili ngati galasi: chimene chafufutidwa pa seva chimasowanso pa kompyuta yanu. Thunderbird imathandiza pokhapokha mutaika lamulo lokopera kalata iliyonse ku Local Folders, mafoda a pa kompyuta yanu yokha. Ngakhale mutatero, lamulolo limagwira ntchito pulogalamuyo ikakhala yotsegula, ndipo limangoona zomwe zafika mu Inbox. Kalata imene sefa ya pa seva yaitaya kale, lamuloli siliipeza.

Google Takeout, chida cha Google chokoperera zinthu zanu, imakupatsani bokosi lonse la maimelo mu fayilo ya mbox, yomwe Thunderbird imatha kuwerenga. Ndi yabwino kusunga pa hadi disiki ya padera, koma imangotenga zomwe zilipo tsiku limenelo. Komanso ngati bokosi lanu layandikira 15 GB imene Google imapereka mwaulere, kukopera zonsezo kumamaliza bandulo.

Kutumiza kope ku adiresi yachiwiri ya kampani ina kuli bwinoko, chifukwa kumachitika nthawi yomweyo, kompyuta yanu ili yozima. Kumbukirani kuti Gmail situmiza zomwe yaziika mu Spam.

Njira imene ndimaikhulupirira kwambiri ndi ya pa seva, kwa amene ali ndi mwayi wolemba okha malamulo kumeneko. Mu procmail, pulogalamu yosefera maimelo pa seva, pamwamba penipeni pa fayilo ya .procmailrc mumalemba :0 c kenako dzina la foda yosungira pamzere wotsatira. Chilembo c chimenecho chimati sunga kope, kalatayo ipitirire ku malamulo enawo. Mu Sieve, njira ina yolembera malamulo osefera pa seva, fileinto :copy imachita zomwezo. Chachikulu n'chakuti lamuloli likhale loyamba, pakuti mukaliika pansi pa lamulo lofufuta, kalatayo ikhoza kutayika kope lisanatengedwe. Foda imeneyi imakula msanga chifukwa imasunga ndi zinyalala zomwe, ndiye muziipungula zakale. Ndiponso poti ili pa seva yomweyo, sevayo ikawonongeka zonse zapita, choncho muziikoperanso kwina.

Ngati muli pa Gmail basi, chotsani Delete it (kufufuta) m'malamulo anu onse, muike Skip the Inbox (kudumpha Inbox) ndi lebulo. Kalata idzachoka pamaso panu, koma idzakhalabe mu All Mail mpaka mutaifufuta nokha.