Labu yoyeza ma module a wailesi: anatiuza zoona msanga, koma lipoti linachedwa

Ndikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu.

Timapanga tizipangizo toyeza kutentha ndi chinyezi m'nyumba zosungiramo katundu. Mkati mwake tinaikamo module (kachipangizo ka wailesi kogula kopangidwa kale) ya Wi-Fi ndi Bluetooth ya 2.4 GHz, yomwe tinagula ili kale ndi nambala ya FCC, bungwe loyang'anira za mawailesi ku America, komanso chizindikiro cha CE chosonyeza kuti ikutsatira malamulo a ku Ulaya. Ine ndinkati nkhani ya malamulo yathera pomwepo, moti ku labuyi ndinangopita kukatenga pepala loti ndizionetsa ogula a ku America ndi ku Ulaya.

Injiniya amene anatilandira sanachite kuzungulira. Asanatsegule n'komwe bokosi, anafunsa ngati antena ili yomweyo imene inayesedwa pamodzi ndi module. Siinali yomweyo ayi. Tinali titaikapo ina yakunja kwa bokosi kuti siginolo ya netiweki izifika patali. Apa m'pamene anandifotokozera kuti gawo 15.212 la malamulo a FCC limalola module yovomerezeka kulowa mu chipangizo china popanda kuyezanso wailesi yonse, koma antena iyenera kukhala ya mtundu womwewo, ndipo gain yake, kutanthauza mmene imalimbitsira mafunde mbali imene yaloza, isapose imene inalembedwa pa chilolezo. Tikanaumirira yathuyo, pakanafunika kupempha eni module kuti akasinthitse chilolezo chawo, kapena ife tikatenge nambala yathuyathu. Tinabwerera ku antena yakale tsiku lomwelo. Funso limodzi lokhali linatipulumutsira ndalama zambiri, ndipo anafunsa tisanalipire kanthu.

Za SAR, muyezo wa mphamvu ya mafunde imene thupi la munthu limayamwa, tinadutsa mosavuta. Chipangizo chathu chimakhomedwa pakhoma, kutali ndi thupi la munthu kuposa masentimita 20.

Pomwe tinagwa m'pa Part 15 Subpart B, gawo la malamulo a FCC lokhudza phokoso la magetsi limene bolodi ya magetsi ya m'chipangizo imatulutsa mosafuna. Satifiketi ya module siikhudza zimenezi m'pang'ono pomwe, chifukwa bolodiyo ndi yanu, mawaya ndi anu, bokosinso ndi lanu. Anaika chipangizocho patebulo lozungulira m'chipinda chosabweza mafunde, antena yoyezera ili pa mtunda wa mamita 3, n'kuyamba kusesa kuchokera pa 30 MHz kukwera. Mzere wosonyeza phokosolo pa makina oyezera unangodumpha malire. Wolakwa sanali wailesi, koma kadera kotsitsa voteji, ndipo chingwe cha USB n'chimene chinkamwaza phokosolo ngati antena. Ma labu ena akanangolemba kuti mwalephera, mukabwerenso. Injiniya uja anakhala nafe masana onse, akuyesa ferrite (kamphete kochepetsa phokoso la magetsi) pachingwe, akuloza pomwe tiike kapasita yosefa phokosolo. Sanatikonzere bolodi, ndipo ananeneratu kuti labu yovomerezeka pa ISO/IEC 17025, muyezo wa ma labu oyeza zinthu, iyenera kukhala yosakondera, koma anationetsa pomwe utsi ukufukira. Ulendo wachiwiri tinakhoza. Anatikumbutsanso kuti kunja kwa bokosi kulembedwe mawu akuti "Contains FCC ID" kutsatiridwa ndi nambala ya module, chinthu chimene wojambula chizindikiro chathu anaiwala.

Ku Ulaya nkhani yake ndi ina, ndipo apa ndiye ndinali mumdima weniweni. Lamulo la zipangizo za wailesi la RED, 2014/53/EU, silidziwa zoti module inavomerezedwa payokha. Amene akugulitsa chipangizo chomalizidwa ndiye amasenza mlandu wonse, amasaina yekha chikalata chonena kuti watsatira malamulo, n'kusunga mafayilo aukadaulo kwa zaka 10. Labu inagwiritsa ntchito mbali ina ya lipoti la eni module la EN 300 328, muyezo wa mawailesi a 2.4 GHz, n'kuyezanso zimene bokosi lathu likanatha kusintha, kuonetsetsa kuti mphamvu isapose 100 mW. Za EN 301 489-1 ndi 301 489-17, miyezo yoona ngati chipangizo sichisokoneza zina kapena kusokonezedwa nazo, anaziyeza zonse mwatsopano. Iwo omwewo ndiwo anaona kuti firmware yathu, pulogalamu yoyendetsa chipangizocho, imatsegula matchanelo a Wi-Fi 12 ndi 13 paliponse, pamene chilolezo cha module yathu ku America chimalekezera pa 11.

Tsopano nyenyezi yosowayo. Kalata yawo yoyamba ya mitengo sinatchule n'komwe malamulo oteteza zipangizo zolumikizidwa pa intaneti kwa akuba a pa kompyuta, amene anayamba kugwira ntchito pansi pa RED pa 1 Ogasiti 2025, ndi miyezo yake ya EN 18031. Tinamva ntchito ili mkati, bajeti titatseka kale. Anthu odziwa chonchi sakanayenera kuiwala chinthu chachikulu chotere. Lipoti nalonso linachedwa ndi masabata atatu, ndipo litafika, dzina la modelo linali lolakwika patsamba loyamba. Kukonza chilembo chimodzi kunatenga maimelo anayi. Anthu a m'chipinda choyezera ndi akatswiri, koma a mu ofesi amayankha ngati ukuwasokoneza.

Chipangizo chathu chotsatira ndi chovala pamkono, ndiye SAR sitiithawa ulendo uno. Tipitanso komweko, koma bolodi isanasindikizidwe, ndipo tsiku lotulutsa lipoti lilembedwe mu mgwirizano.