Famase yomwe inakana kundigulitsa LA wa theka

Loweruka lapitali ndinadzuka m'thupi mukuphwanya, mutu ukuwawa ngati wina akusinjamo. Poopa mzere wa kuchipatala ndinakwera kabaza kupita pa famase ina kwathu kuno ku Area 25. Ndalama zinali zochepa, ndiye ndimafuna theka basi la LA, mankhwala a malungo aja.

Mayi wa pakauntala anakanitsitsa. "Bambo, tiyambe takuyezani." Anandibaya chala, kadontho ka magazi pa kapulasitiki kaja, n'kundiuza kuti ndidikire mphindi 15. Mizere iwiri, malungo. Ndinapemphabe theka, iwo anati mapiritsi ndi onse 24 kapena ndipite kwina. Anayi anayi, kawiri patsiku, masiku atatu, ndipo ulendo wachiwiri ndimwe pakadutsa maola 8. Nthawi zonsezo anandilembera pakatoni ndi bolopeni. Anawonjezera kuti ndizimwa nditadya phala la nsinjiro kapena ndi mkaka, poti mankhwalawa amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta. Zimenezi palibe anandiuzapo zaka zonse ndakhala ndikumwa LA.

Ndinanyinyirika, sindinama. Koma atati "mukalekeza panjira tizirombo totsalato ndi touma mutu, ndi tomwe udzudzu umakapatsira anzanu," ndinakumbukira chloroquine wa paubwana wathu, wowawa uja, woyabwitsa thupi usiku wonse. Anasiya kugwira ntchito tikuona, mpaka mu 1993 Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kumusiya n'kuyamba Fansidar. Fansidar nayenso anafooka, mu 2007 kunabwera LA, ndipo lero Fansidar timangomumva kusikelo ya amayi oyembekezera. Pano ku Rwanda ndi ku Uganda kwapezeka kale tizirombo tochedwa kufa ndi artemisinin, gulu la mankhwala lomwe muli amodzi mwa mankhwala awiri a mu LA wathuyu. Ku Tanzania, pakhomo pathu penipeni, nakonso.

Zodandaula zilipo. Sanandiuze kuti kuyezetsa n'kolipira padera mpaka chala atabaya kale. Benchi ndi limodzi, moti ndinadikira chiimire uku ndikunjenjemera, ndipo Mpamba salandira. Ndinachita kuimbira mlamu wanga kuti abweretse ndalama yoonjezera.

Lolemba ndinali nditapeza bwino, ndipo maganizo osunga mapiritsi otsalawo kuti adzandithandize tsiku lina anandifikira ndithu. Ndinayang'ana pakatoni, panali patatsala mizere iwiri ya bolopeni ya mayi aja. Ndinamwa. Ndidzapitakonso, koma benchi lachiwiri agule.