Ndemanga yanga pa legeni lachitsulo la malamba a labala ophwatalala

Legeni ili ndinaligula m'sitolo ina yogulitsa zipangizo za ulimi mumzinda wa Zomba, ndipo ndaligwiritsa ntchito m'munda wanga wa mpunga kuchigwa cha nyanja ya Chilwa kuyambira pamene mpunga unayamba kutulutsa ngala mpaka titamaliza kukolola, kenaka ndinalisamutsira kunkhokwe ya chimanga. Mphanda yake ndi yachitsulo chosachita dzimbiri, chogwirira chake anachikuta ndi pulasitiki wolimba, ndipo m'bokosi munali malamba a labala ophwatalala, kachikopa koikapo mwala, kathumba ka timipira tachitsulo ta mamilimita 8, komanso kachipangizo koloza nako kamene amakamangirira pa nyanga imodzi ya mphandayo. Mtengo wake unali pafupifupi wofanana ndi wa makasu awiri abwino. Ndikulipatsa nyenyezi 3 mwa 5, ndipo nyenyezi ziwiri zimene ndalimanazo zapita makamaka chifukwa cha zimene bokosi lake limalonjeza pa nkhani yosaka nyama.

Kapangidwe kake ndi kabwino. Aliyense amene anakula akusema mphanda ya mtengo ndi kudula chubu chakutha cha njinga adzazindikira kusiyana kwake pa kukoka koyamba, chifukwa malamba ophwatalalawa safuna mphamvu zambiri pokoka koma amabwerera mwaliwiro kwambiri, moti mwala umayenda mowongoka kwa mtunda wautali usanayambe kugwa. Malambawo amagwidwa ndi tizitsulo tomanga ndi sikuluu, choncho kusintha lamba woduka sikulira luso lomanga ndi ulusi. Vuto lake ndi lakuti labala wotereyu sagwirizana ndi dzuwa: legeni likamakhala padzuwa tsiku ndi tsiku, malamba amayamba kuwuma ndi kuchita timing'alu pafupi ndi kachikopa, ndipo akaduka ali chikokere amabwerera kumaso kwa mwini wake. Ndinaphunzira kulisunga m'thumba nthawi imene sindikuligwiritsa ntchito ndi kuyang'ana malamba m'mawa uliwonse ndisanakoke. Kachipangizo koloza nako ndinakachotsa, popeza kamagwedera pakangopita nthawi yochepa, ndipo kamamupatsa munthu chikhulupiriro chakuti akhoza kulasa molondola patali pamene sizili choncho.

Ntchito imene legenili limaigwira bwino koposa ndi kuingitsa mbalame m'munda. Mdani wamkulu wa mpunga wokhwima ndi mpheta, makamaka zija za mlomo wofiira zimene akatswiri amazitcha quelea, zimene kamodzi kamalemera magalamu pafupifupi 20 okha koma zimabwera m'magulu aakulu zedi. Munthu amene akuganiza kuti achepetsa gulu lotere polasa imodzi imodzi akungotaya nthawi yake, pakuti ngakhale atapha makumi angapo, mawa lake zibwera zochuluka chimodzimodzi. Chimene chimapulumutsa mpunga ndi kusazilola kuti zitere ndi kukhazikika, makamaka m'mawa dzuwa likamatuluka ndi madzulo likamapendeka. Apa ndi pamene legenili linandikhutiritsa. Nditaima pamzere umodzi ndinkatha kuponya kampira kadothi mpaka kumalire a munda, mtunda wa mamita 40 kapena kupitirirapo, ndipo kampirako kakagwera pakati pa ngala gulu lonse linkadzuka nthawi imodzi. Zitini zomangirira pa chingwe ndi mapepala apulasitiki opachika pa timitengo mbalame zimazizolowera msanga, koma chinthu chogwa pamene zili sizichizolowera. Poligwiritsa ntchito pamodzi ndi zitinizo, munthu mmodzi ankatha kulondera malo amene kale ankafuna anthu awiri othamanga uku ndi uku m'matope.

Ndanena za timipira tadothi chifukwa timipira tachitsulo tam'bokosi sitiyenera kulowa m'munda wa mpunga. Dothi la m'dambo mwathu ndi lomata bwino, ndipo ukaliumba kukhala timipira tating'ono ndi kutiyanika pamthunzi mpaka tiume, timauluka mowongoka kuposa miyala yotola pansi, timasweka tikagunda chinthu, ndipo mvula ikagwa timasungunuka n'kubwerera m'nthaka. Kachitsulo kakatayika m'munda kakhoza kutoleredwa pamodzi ndi mpunga popuntha n'kukafika kuchigayo. Choopsa kwambiri n'chakuti chitsulo chimanjanja chikagunda mwala kapena mtengo wouma, ndipo minda ya mpunga ndi yogundizana, mnzako amakhala atawerama m'ndime yake pafupi pomwepo, nthawi zina ali ndi mwana kumbuyo. Ena amalimbikitsa timipira ta mtovu wa lead chifukwa ndi tolemera, koma chitsulo chimenecho ndi poizoni, ndipo mbalame zam'madzi zikachimeza pofuna timiyala togayira chakudya zimadwala n'kufa.

Tsopano ndifike pa nkhani imene yandichititsa kulemba ndemanga yaitali chotere. Pabokosi la legenili anajambulapo kalulu ndi njiwa, ndipo wogulitsa amalitamanda kuti ndi chida chosakira. Kunena zoona, likhoza kupha nyama yaing'ono, koma mpata wakupha mwaukhondo ndi wochepa kwambiri kuposa mmene chithunzicho chikusonyezera. Kampira ka mamilimita 8 kamalemera magalamu awiri okha ndi pang'ono, ndipo mphamvu imene kamanyamula ndi yochepa poyerekeza ngakhale ndi mfuti zampweya zimene alenje ena amasakira mbalame. Kuti kaphe nthawi yomweyo kayenera kugunda mutu, ndipo mutu wa njiwa kapena wa khoswe ndi waung'ono ngati chivindikiro cha botolo la zakumwa. Nditayeserera pa chivindikiro chotere, ndinaona kuti pa mamita osapitirira 10 munthu wozolowera akhoza kuchigunda kawirikawiri, koma mtunda ukangowonjezeka kampira kamagwera m'mbali. Pa chivindikiro kugwera m'mbali kulibe kanthu. Pa cholengedwa chamoyo kumatanthauza phiko lothyoka, mwendo wophwanyika kapena nsagwada yosweka, ndipo nyamayo imathawira m'tchire kukafa pang'onopang'ono ndi njala kapena kudyedwa ndi nyerere ili moyo.

Ine sinditsutsa kusaka. Anthu ambiri kwathu kuno ndiwo zawo zankhuli zimachokera ku mbalame, mbewa ndi nsomba, ndipo mlimi amene akuteteza chakudya cha ana ake sakuchita cholakwa. Chimene ndimatsutsa ndi kulasa kongoyesa mwayi, pamene munthu akudziwa mumtima mwake kuti cholasidwacho chili patali koma akokabe legeni kuti aone ngati agunde. Legeni lamatabwa ndi chubu cha njinga nthawi zambiri linkangophonya. Ili ndi lolondola mokwanira kuti ligunde thupi la nyama, koma silolondola mokwanira kuti ligunde mutu wake nthawi zonse, ndipo pakati pa ziwirizi ndi pamene pali nkhanza. Amene akufuna kusaka nalo ayenera kudziletsa kuti asalase kupitirira mtunda umene amagunda chivindikiro mosaphonya, agwiritse ntchito timipira tolemererapo ta mamilimita 9.5, atsatire nyama iliyonse imene waivulaza mpaka aimalize, ndipo adye chimene wapha.

Kunkhokwe legenili linathandiza, ngakhale pang'ono. Makoswe amatuluka usiku, ndipo ukawaunikira ndi tochi amaima kanthawi pamtanda, pafupi mokwanira kuti ulase mutu. Komabe misampha inagwira ochuluka kuposa amene ndinalasa, ndipo chimene chinachepetsadi vutolo ndi kusesa pansi pa nkhokwe ndi kukuta miyendo yake ndi malata kuti makoswe asakwere. Ubwino wa legeni ndi msampha ndi wakuti sizisiya poizoni pakhomo. Tameki amene anthu amathira m'nyambo amapha khoswe, koma amaphanso nkhuku imene yatola nyamboyo, galu kapena mphaka amene wadya khoswe wakufayo, ndipo ndi woopsa kwa ana. Pa nkhani yomweyi ndipemphe mwapadera kuti kadzidzi asalasidwe. Ndikudziwa zimene ambiri timakhulupirira akalira padenga usiku, koma mbalame imeneyi chakudya chake chachikulu ndi makoswe ndi mbewa, ndipo banja la akadzidzi likakhazikika pafupi ndi nkhokwe limagwira ntchito imene legeni lililonse silingaikwanitse.

Apusi ndi anyani legenili silingawaphe, ndipo kuwalasa ndi chitsulo ndi kungowapundula kapena kuwaphulitsa maso. Kampira kadothi kogunda nthambi imene akhalapo kamakwanira kuwabalalitsa, ndipo posachedwa amayamba kuthawa akangoona mphanda ikukwezedwa. Wogula akumbukirenso kuti kuchepa kwa chida sikumuchotsa munthu pansi pa lamulo. Lamulo loteteza nyama zakutchire m'Malawi, limene linakhwimitsidwa mu 2017 mpaka kufika pa zilango za zaka 30 kundende pa milandu yokhudza nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu ndi ngaka, limaletsa kusaka popanda chilolezo m'malo otetezedwa monga Liwonde. Nyanja ya Chilwa nayo ili pa mndandanda wa madambo ofunika padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar, ndipo zina mwa mbalame zimene timaziona m'madambo athu nyengo ya dzinja zimachokera ku Ulaya ndi ku Asia. Mbalame yosadziwika dzina ndi bwino kuisiya, ndipo m'nyengo imene mbalame zikuswa, kupha mayi mmodzi ndi kupha chisa chonse.

Sindingalimbikitse kholo lililonse kugulira mwana wamng'ono legeni ili, ngakhale kuti m'sitolo linali pafupi ndi zoseweretsa. Mphamvu yake ndi yokwanira kuboola diso kapena kuswa galasi la galimoto, ndipo mwana amene walipeza m'manja amalasa chilichonse chouluka, kuyambira timba ndi pumbwa mpaka namzeze amene amatithandiza kudya tizilombo touluka. Wachinyamata wamkulu amene akulondera mpunga akhoza kupatsidwa, bola thumba la timipira tachitsulo litsale kunyumba ndipo auzidwe momveka kuti watumidwa kukaingitsa mbalame.

Kwa mlimi wa mpunga, mapira kapena mawere amene akufuna chida cholondera munda, legenili ndi loyenera ndalama zake. Amene akufuna kuthana ndi makoswe ayambe wagula misampha. Musanalipire, funsani ngati sitoloyo imagulitsa malamba apadera, chifukwa kumene ndinagula ine analibe, ndipo malamba odulidwa ku chubu cha njinga ndi okhuthala moti salowa bwino m'tizitsulo togwirira tija. Gulaninso magalasi oteteza maso, amene amapezeka m'masitolo a zipangizo zomangira, popeza m'bokosi mulibe.