KDE Plasma ndi Xfce: kusiyana kwake kumaonekera pokompaila

Pa Debian 13, mtundu wa Linux umene unatuluka mu Ogasiti 2025, muli Plasma 6.3 ndi Xfce 4.20, ndipo ma desktop awiriwa ndi akale mofanana, pakuti Matthias Ettrich anayambitsa KDE mu 1996, chaka chomwecho Olivier Fourdan n'kuyamba Xfce. Kuika kwake sikuvuta konse. Mukalemba apt install kde-plasma-desktop kapena apt install xfce4 ntchito yatha, kungoti Plasma imakoka mapaketi ochuluka, choncho amene akudalira bandulo ayambe waona kukula kumene apt ikuonetsa asanavomere.

Nkhani imakula pamene mukufuna pulogalamu imene mulibe mu Debian, kapena ilimo koma yakale, ndipo mwaganiza zoikompaila nokha, kutanthauza kuimanga kuchokera ku khodi yake. Mapulogalamu a KDE amalembedwa mu C++ pamwamba pa Qt ndi KDE Frameworks, ndipo amamangidwa ndi CMake. Musanayambe pamafunika extra-cmake-modules, qt6-base-dev ndi mapaketi angapo oyamba ndi libkf6 n'kuthera ndi -dev. CMake ikapeza kuti chimodzi chikusowa imaima n'kuchitchula dzina, inu n'kuchiika, iyo n'kuimanso pa china, mpaka madzulo onse kutha. Njira yachidule ndi apt build-dep, imene imabweretsa zonse pamodzi ngati pulogalamuyo ili kale mu Debian ndipo mwatsegula deb-src, mizere youza apt kumene ingapeze khodi ya mapulogalamu. Chenjeraninso ndi mapulogalamu akale olembedwera Qt 5, chifukwa tizida ta pa panelo (kamzere ka m'mphepete mwa sikirini) ta Plasma 5 sitigwira pa Plasma 6 popanda kulembedwanso.

Xfce ndi ya C ndi GTK 3, ndipo zambiri zake zimamangidwa ndi ./configure kenako make, ngakhale zatsopano zikusamukira ku Meson. Zofunika ndi zochepa, monga xfce4-dev-tools ndi libxfce4ui-2-dev, ndipo pa laputopu yakale tiyi asanazizire kukompaila kwatha, pamene C++ ya KDE imatenthetsa makina kwa nthawi yaitali. Komabe nayo ili ndi msampha wake. Tsiku lina ndinamanga kachida ka pa panelo, make install n'kudutsa bwinobwino, koma pa mndandanda wa panelo osaoneka. Kanali katapita ku /usr/local, kumene panelo yanga sinkayang'ana, ndipo kanaoneka nditabwereza ndi --prefix=/usr komanso --libdir yoyenera.

Kwa ine, amene akuphunzira kukompaila ayambire pa Xfce, chifukwa cholakwika chikachitika malo ochifufuza ndi ochepa. Plasma imaposa pa Wayland, njira yatsopano yoonetsera zinthu pa sikirini, imene kuyambira mu February 2024 ndiyo yosankhidwiratu pa Plasma 6 pamene pa Xfce 4.20 ikadali yoyesera, ndiponso ili ndi kde-builder, chida chimene chimakoka ndi kumanga mapulogalamu a KDE m'chikwatu chanu osakhudza zimene apt inaika.